Madiresi a Mwanaisha

Ndinatsimikiza zopita ku Halale chaka chimene nyanja inameza dimba lathu la mpunga ku Mwadzama. M'nyumba munalibe kanthu, koma mayi anga anakapemphabe mpunga kwa achibale n'kuphikira ana a ku madarasa, monga ankachitira chaka chilichonse mwezi wa Maulidi, wokumbukira kubadwa kwa Mtumiki, ukangooneka. Ndinakangana nawo kuti akuwononga chakudya. Mkazi wanga Asiyatu anali ndi khanda, Mwanaisha, lobadwa tsiku lotsatira Idi yomasula Ramazani. Ponditsanzika mayi sanandinyengerere: "Iwe Saidi, ukakatchona, mwanayu adzakutchula kuti amalume." Mawu amenewo ndinakwera nawo basi.

Ku Halale ndinalembedwa ntchito yophika kwa mzungu. Mwana wawo Jeni anali msinkhu umodzi ndi mwana wanga, ndipo chaka ndi chaka ndinkamuphikira keke ya tsiku lake lobadwa, makandulo pamwamba, anzake akuimba. Tsiku lina dona anandifunsa deti limene wanga anabadwa. Detilo sindinkalidziwa. Ndinachita manyazi, mpaka ndinayamba kunyoza kwathu mumtima, kuti ife ana timangobereka osasamala tsiku.

Kalendala ya m'khitchini sinandithandize, pakuti Idi imayendera mwezi wakumwamba, chaka chilichonse imafulumirako. Ndiye wondikumbutsa anali mimba yangayi. Njala ya tsiku loyamba kusala ikangondiluma, ndinkadziwa kuti yakwana nthawi yopita kwa telala kukasoketsa diresi la Mwanaisha. Muyeso ndinkaba pa diresi la Jeni likakhala pachingwe, kuyeza ndi zikhato, n'kuwonjezera m'munsi, paja kwathu achinyamata a chipani sankafuna kuona bondo la mkazi. Phukusi ndinkapatsira aliyense wobwerera kumudzi, apo ayi positi, kuti lifike Idi isanakwane.

Kunena zoona, kusungulumwa kunalipo. Kuphika tsiku lonse zakudya zimene sungalawe, kenako kukamasula wekha kuseri kwa khitchini ndi tiyi ndi buledi, si zinthu ayi. Asiyatu sankadziwa kulemba, choncho uthenga unkabwera wapakamwa: "Akuti alandira, onse ali bwino." Basi. Ngati mwanayo ankadziwa kuti diresi lachokera kwa ndani, palibe ankandiuza.

Nkhondo itakula kumeneko ndinamanga katundu. Ndinafika kumudzi Ramazani ili kumapeto. Pakhomo panatuluka mtsikana wowonda, diresi likukwekwereza pansi, m'mapewa atamanga ndi mapini. Ndinalizindikira, linali la chaka chapitacho. Kodi ndinaganizako kuti Jeni amakulira mkaka ndi batala? Mtsikanayo anagwada, n'kulandira chikwama changa.

"Mwafika, Ababa? Komatu madiresi anu amandikwana patapita zaka ziwiri!"

Ababa. Ndinakhala pakhonde n'kulira ngati mwana, anthu akuona. Asiyatu ankati akamuveka diresi lililonse amamuuza kuti manja a bambo ake ndiwo ayeza. Mkazi ameneyu ndidzamuthokoza mpaka kumanda.

Idi itadutsa ndinafuna kuonetsa za kutauni. Ndinapempha ufa ndi mazira, n'kulengeza kuti lero ndiwaphunzitsa mmene anthu otsogola amakumbukirira tsiku lobadwa la mwana. Asiyatu anangomwetulira, akusenza beseni la mpunga kulowera ku madarasa. Ndinafunsa kuti mpungawo ndi wachiyani.

Mayi anaomba m'manja. "Tamumvani mphunzitsi wa ku Halale! Imeneyo ndi sadaka ya Mwanaisha, sitinadumphitsepo chaka. Nanga uja ndimaphika mwezi wa Maulidi ukaoneka, umayesa ndimaphikira ndani? Si iwe unabadwa tsiku limenelo? Ndimadyetsa ana a eni kuti Mulungu andisungire wanga. Chaka cha madzi chija unandikalipira, koma ukanapita kutali chonchija wopanda sadaka?"

Keke ndinaphikabe, mumphika, makala pamwamba, ndipo mayi anadya zidutswa ziwiri akudandaula kuti shuga wachuluka. Lero mayi kulibe, beseni lija amasenza ndi Mwanaisha, la iye, la ana ake, ndi langa. Ndikamaona ana a madarasa akunyambita zala ndimakumbuka kuti inenso ndinkakhala pamzere womwewo, kulimbirana ndi anzanga, osadziwa kuti mpungawo ndi wanga.