Galimoto yanu yagwadanso, achimwene

Achimwene, patha chaka chichokereni inu, ndipo lero galimoto yanu ija yagwadanso kumbuyo pa msewu wa ku Mongue. Ndakumbuka tsiku lomwe inayamba zimenezi. Munapaka thovu la sopo pa mathumba a mpweya onyamula galimotoyo, n'kundiuza kuti, "Takhala chete, Zeka, imanena yokha pomwe pakupweteka." Tinamva kampweya kakuti sii, thovu linafufuma pa payipi, inu n'kuseka.

Lero sopo ndamaliza yense. Ndagona m'matope khutu lili pa thumba, kompuresa yopopa mpweya ikungolira, koma ine sindikumva pomwe mpweyawo ukutulukira. Amakaniko a ku Milange angopukusa mitu. Khutu lija munapita nalo, achimwene. Ndangogwada pambali pa galimotoyi, tonse awiri tikudikira inu.