Banga la pa Jekete ya Atate

Ndikukumbukira bwino chaka chimene tinkafuna nyumba, chifukwa ndi chaka chimene kwathu tinkakangana za zovala kuposa za chakudya. Ndinali ndi zaka khumi, tikukhala ku Kabwata m'nyumba ya atate aakulu, mkulu wawo wa atate. Iwo anali atapuma pantchito ku migodi, ndipo analemba kalata kuti akubwera ndi banja lonse, tiwapatse malo. Atate nawonso ntchito inali itatha. Ankakonza makina otayipira m'kashopu kena kuseri kwa Cairo Road, koma maofesi atayamba kugula makompyuta, mwini shopu anatseka n'kuwapatsa kangachepe kotsazikira. Kangachepe kameneko ndiko kanayenera kusanduka nyumba. Kupanda kutero, ife anthu asanu tinalibe kolowera.

Nyumba yoyamba tinakaiona ku Libala. Amama anatikonza tonse ngati tikupita ku ukwati, atate atavala suti yawo ya kutchalitchi, nsapato zikuchita kuwala. Mwini nyumba anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutchula mtengo wosiyana ndi umene tinamva kwa munthu amene anatilozera. Tinabwerera chimanjamanja. Yachiwiri inali ku Avondale, ndipo atate anati ulendo uno taphunzira, tipite ngati anthu wamba. Anavala malaya awo a kuntchito a madontho a inki, amama chitenje chakale ndi mapatapata. Kumeneko geti silinatsegulidwe n'komwe. Mayi wa panyumbapo anatilankhula kudzera pa kabowo ka geti, n'kutiuza kuti wantchito wa m'munda ali naye kale. Atate sanadye tsiku limenelo.

Ndiye itamveka nyumba ya ku Chelstone, ya mayi wina wamasiye amene ankafuna kubwerera kwawo ku Petauke, kwathu kunali msonkhano wa masiku atatu. Zinali zitatsala sabata ziwiri kuti atate aakulu afike. Atate ankati ukavala bwino amakukwezera mtengo, amama ankati ukavala nsanza sakupatsa ndi mpando womwe, ndipo aliyense anali ndi umboni wake. Pomaliza amama ndiwo anapeza nzeru imene mpaka lero ndimaigomera: tipite ndi zonse ziwiri. Iwo avale deresi labwino, pamwamba pake amange chitenje chakale choti akhoza kuchimasula pa geti. Atate avale malaya awo a kolala yotha, koma jekete yawo yotuwa ipindidwe bwino m'pulasitiki. Tikafika tiyambe taona kuti mwini nyumba ndi munthu wotani, kenako tidziwe ngati tikhale olemera kapena osauka. Ine anandiveka yunifolomu ya kusukulu ngakhale linali Loweruka, ati yunifolomu siulula za munthu. Azing'ono anga awiri anawasiya kwa aneba, ndipo pulasitiki ya jekete anandipatsa ine.

Tinakwera minibasi ya m'tauni, n'kukatsika kuti tikwere ina ya ku Chelstone. Pa siteshoni fungo la vitumbuwa linandigwira pakhosi. Amama anandigulira chitumbuwa chimodzi chachikulu, chotentha, chokulungidwa m'kapepala ka nyuzipepala, koma anandichenjeza kuti ndisadye mpaka titamaliza kuona nyumba, kuopa kukapereka moni ndi manja a mafuta. Ine ndi nzeru zanga zakuya zija ndinaona kuti malo abwino osungira ndi m'pulasitiki muja. Ndinachilowetsa pakati pa jekete kuti chisazizire, n'kuikumbatira pulasitikiyo pachifuwa. M'minibasi tinathithikana anayi pa mpando wa atatu, mayi wina wonenepa atandikanikizira ku windo njira yonse ya Great East Road mpaka pa thanki ya madzi ya ku Chelstone.

Titakhota pa kona ya msewu wa nyumbayo, tinaona galimoto yoyera itaima pa geti, ndi bambo wa suti akucheza ndi mwini nyumba, Amai Sakala. Bamboyo analinso wogula. Amama sanafunse munthu, chitenje chinamasulidwa pompo n'kulowa m'chikwama, iwo n'kutsogola. Atate anandilanda pulasitiki, anasolola jekete mwachangu n'kuivala akuyenda. Chitumbuwa chinagwera m'udzu. Ine ndinachiona chikugwa, ndipo nditakweza maso ndinaona china: banga la mafuta lalikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu, pamsana penipeni pa jekete cha m'munsi, zilembo za nyuzipepala zitadindika pamenepo.

Kunena ndinaopa, chifukwa atate akanavula jekete akanatsala ndi kolala yotha pamaso pa bambo wa suti, ndiye za ku Avondale zikanabwereza. Kukhala chete ndinaopanso. Ndinangochita zimene miyendo inandiuza. Ndinakaima kumbuyo kwa atate, pafupi kwambiri moti mphuno yanga inkagunda nsalu, ndipo mwamwayi mutu wanga unkafika pomwe panali bangalo. Pakhonde Amai Sakala analankhula ndi atate mawu angapo m'Chingerezi motsitsa, amama akuyang'ana maluwa, koma ine sindinatolepo kanthu, m'makutu munkangolira.

Tinayendera nyumba yonse motero. Atate akalowa pabalaza, ine kumbuyo. Akatembenuka kuti aone windo, ine ndazungulira nawo ngati ngolo. Kawiri konse ndinawaponda chidendene.

"Iwe Tika, n'chiyani lelo? Pita ukaone magwafa kunja," anatero atate motsitsa mawu.

Ndinapukusa mutu. Amai Sakala anaseka n'kunena kuti, "Musiyeni, mwana wamkazi ni wa atate ake."

Za nyumbayo ndimakumbukira zochepa: simenti yofiira yonunkhira polishi, khitchini yokhala ndi makabati m'khoma, ndi kachipinda ka windo loyang'ana ku mtengo wa magwafa, kamene amama anandinong'oneza kuti kadzakhala kanga ndekha. Ku Kabwata ana tonse atatu tinkagona pabalaza, ndiye chipinda changachanga chinali chinthu chongolota. Koma sindinathe ngakhale kusangalala. Maso anga anali pa bambo wa suti, kuti waima mbali iti, ndipo thukuta linali litanyowetsa yunifolomu yonse kumsana.

Zinavuta kubafa. Atate, poti anali munthu wokonza zinthu, anamva mpopi ukudontha, n'kugwada kuti aone pansi pa sinki. Msana wonse unakhala poyera. Ndinayesa kutambasula siketi kuti ndiwaphimbe, koma ndinachedwa, bambo wa suti anali ali pakhomo. Anayang'ana msana wa atate, anandiyang'ana ine, kenako anatembenukira kumbali akudzikanda mphuno. Akanangoseka mokweza, mwina ndikanapepukidwa.

Potsazikana, Amai Sakala anati atumiza uthenga pofika Lachitatu. Pa siteshoni atate anavula jekete, anaipinda okha mosayang'ana n'kuibwezera m'pulasitiki. Ndinadikira ndodo Loweruka limenelo, ndinadikira Lamlungu, osabwera. Jekete ija sindinaionenso atavala. Lachitatu uthenga unafika kuti nyumba yatengedwa ndi bambo uja, ndipo amama anakalirira kukhitchini atatsegula mpopi kuti tisamve. Ine ndinadziwa chimene chachitika. Bambo wa suti wauza Amai Sakala kuti anthu aja ndi ongonamizira, taonani jekete yawo. Ndinalibe chikaiko chilichonse kuti nyumba ija ndaitaya ndine.

Tinasamukira m'kanyumba kakuseri kwa amalume ku Libala, mipando ina itaunjikidwa panja pansi pa lona. Tinakhalamo zaka zitatu, mpaka atate atapeza malo kutali kupitirira Chelstone n'kumanga pang'onopang'ono, chipinda chimodzi chaka chino, china chaka chamawa. Zaka zonsezo, mvula ikadontha pa bulangeti la mng'ono wanga, ndinkati ndine. Amama akakangana ndi akazi a amalume za chingwe choyanikira zovala, ndinkati ndine. Ndinakhala mwana wofatsa, wakhama pasukulu, anthu n'kumandiyamikira kuti ndine waulemu, osadziwa kuti ndikungolipira mlandu umene sindinauze munthu.

Ndinaulula ndili mayi wa ana awiri. Linali tsiku loti ine ndi amuna anga tikaone nyumba ku Woodlands, ndipo atate, atakalamba tsopano, anali kwathu kudzaonetsa maso kuchipatala. Atandiona ndikutuluka m'chipinda kachitatu nditasintha zovala, anandifunsa ngati ndikukagula nyumba kapena ndikukakwatiwanso. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinangokhala pansi n'kuwauza zonse, za chitumbuwa, za banga, za bambo wa suti. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Mwana iwe, jekete yonse ikununkha mafuta, umati mphuno ndinalibe? Ndinadziwa ndisanalowe pa geti. Koma nyumba ija sitikanaigula ngakhale ndikanavala golide. Amai Sakala anandiuza mtengo pakhonde paja, ndipo ndinadziwa pomwepo kuti sitifikapo. Ndinayendera zipinda zonse zija kuti amako asalilire kwa eni."

Ndinawafunsa chifukwa chake sanandikalipire.

"Ndikukalipire chiyani? Ndinkamva mpweya wako pamsana. Tsiku limenelo ndinalibe ntchito, ndinalibe nyumba, koma ndinali ndi munthu wondibisira manyazi."

Ndinawauza kuti ine zaka zonsezi ndimati ndinawatayitsa nyumba. Kuseka kunatha. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndi maso awo ofookawo, n'kufunsa kuti, "Ndiye unasenza zimenezi wekha?" Ndinavomera ndi mutu. Anandigwira dzanja, ndipo kanali koyamba kuwaona atate akupukuta misozi.

Masiku ano zinasintha. Nyumba umayamba kuiona pa foni, chipinda ndi chipinda, usanakwere ndi galimoto yomwe. Ejenti wogulitsa nyumba sayang'ana kolala ya malaya, amafuna kalata ya kubanki, ndipo anthu ogula nyumba ku Kabulonga, kwa anthu olemera, amafika atavala kabudula ndi mapatapata, mageti n'kutseguka okha. Ine tsiku la ku Woodlands lija ndinapita ndi deresi wamba ndi nsapato zopanda zidendene, zoti ndikhoza kuzungulira nazo kuseri n'kukaona ngalande. Chimene sichinasinthe ndi ana, amamvabe zonse zimene akulu amanong'ona, n'kudzipatsa mlandu mwakachetechete. Mwana wanga wamkazi anapempha kuti apite nafe, ndiye tili m'njira ndinatembenuka n'kumuuza kuti nyumbayi tikaipeza kapena tikapanda kuipeza, si chifukwa cha iye. Anandiyang'ana modabwa, n'kubwerera ku foni yake. Ndinasangalala kuona kuti sakudziwa n'komwe zimene ndikunena.