Manja a Che Shaibu

Akuti Che Shaibu sadzabereka. Mawuwa analumpha mpanda Lachitatu m'mawa, amayi awiri akupeta nyemba kuseri, ndipo ife oyandikana nawo tinawawakha asanagwe pansi. Akuti mankhwala a pa sitima anamuphika m'kati ngati mbatata yootcha. Mwina ndi bodza. Komatu munthuyo anawondadi.

Shaibuyu timamudziwa kuyambira ali ndi mamina. Anabadwira ku Chiponde makolo ake atathawa nkhondo, nabwera kuno ku Mandimba ali kumsana. Zaka zisanu ndi zinayi anapalasa njinga, kunyamula anthu ndi matumba kuchokera kumalire, mwana waulemu ndithu, mpaka mlamu wake anamuitanira ku Angoche, kunyanja ya mchere, kuti kuli ganyu pa sitima ya anthu ofufuza. Atabwerako, njinga sanaiyang'anenso. Anali ndi magalasi akuda, ndipo ukangomupatsa moni unkalandira sukulu yaulere.

"Kumeneko madzi ozizira amakwera kuchokera pansi," ankatero pa baraka, kagolosale ka a Luciano. "Amabweretsa chakudya cha tindere tosaoneka ndi maso. Tindereto timamwa mpweya woipa wam'mlengalenga, tikafa timamira nawo. Ife timayeza kuti wamira wochuluka bwanji."

"Mumayezera kambale ka pamsika?" anafunsa a Luciano.

"Toliyamu, bambo! Kanthu kotulutsa mphamvu yosaoneka. Kamamatira ku zomirazo. Kakachepa pamwamba, timadziwa kuti katundu watsika. Ine ndimakagwira ndi manja awa."

Manja awa! Anawaonetsa kumsika, m'chapa, minibasi ya ku Cuamba, ngakhale pamaliro ku Ngauma anthu akulira. Ndipo mphamvu ija inkakula tsiku ndi tsiku. Lolemba inkaboola mafupa, pofika Lachisanu inkasungunula chitsulo. Anangoiwala kuti abale a Halima nawo ali ndi makutu. Halimayo ndi mtsikana amene anamufunsira asanapite kunyanja, ndipo tsopano ukwati unali utatsala milungu iwiri.

Lachitatu lomwelo masana uthenga unafika. Che Sadiki, amjomba ake a Halima, akufuna ankhoswe mawa. Mbumba yawo singalandire mkamwini wopsa m'kati.

Shaibu anakhala pakhonde mpaka dzuwa kulowa, ku baraka osapita, zomwe sitinazionepo chibwerereni. Anaganiza za Halima, amene anamudikira miyezi isanu ndi itatu, nakana mnyamata wa kunjanji ku Entre Lagos, wa nyumba yamalata. Anaganizanso za baraka ya a Luciano, komwe tsopano ankamupatsa mpando waulemu. Zonse ziwiri ankazifuna, mwana wa anthu.

Mawa lake anthu anadzaza pabwalo la Che Sadiki, oitanidwa ndi ife odziitana.

"Tanenani, bambo dotolo," anayamba Che Sadiki. "Mwana wathuyu mukamupatsa ana, kapena mpweya?"

Shaibu anayang'ana chitseko chomwe Halima anabisalako. Anavula magalasi.

"Amjomba, kanthu kaja sindinakagwirepo."

"Kwezani mawu, akumbuyo amve."

"Sindinakagwirepo! Kamakhala m'kachipinda kokhoma. Amakadonthezera m'madzi ndi Dona Antónia okha, mkulu wa ofufuza, atavala magolovesi. Kadontho kamodzi. Ine ankandibwezera pakhomo."

"Nanga manja awa ankatani?"

"Kukoka chingwe."

"Basi?"

"Ndi kutsuka mabotolo."

"Nanga kuwondaku?"

"Kusanza, amjomba. Sitima ija sikhazikika."

A Luciano, omwe anatseka baraka kuti asaphonye, anaseka mpaka chisoti kugwa. Ankhoswe a Shaibu anangoyang'ana zala zakumapazi. Che Sadiki sanaseke. Anasisita ndevu nthawi yaitali, Shaibu thukuta lili kamukamu.

"Alhamdulillah," anatero pomaliza. "Wabodza amabereka. M'mudzi muno umboni tili nawo wambiri. Tsiku la ukwati ndi lomwe lija."

Amayi analuluta. Phokoso litatsika, mawu a Halima anatuluka kuseri kwa chitseko:

"Amjomba, muwauze kuti kuno mapoto aliko ambiri, poti kutsuka anakaphunzira."