Nsomba Yaiwisi ya a Chiwerama

Mpaka mwezi wathawu, nkhani iyi ndinali ndisanaiuzepo munthu. Malemu mkazi wanga anapita osaidziwa. Ngakhale kwa ansembe ku Mua, kumene ndaululako machimo ambiri, iyi yokha ndinkaisiya pakhomo ngati nsapato zamatope.

Mdzukulu wanga Tadala, amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anandiitana kuti adokotala akandione maso. Titachoka kuchipatala anati andidyetse zachilendo. Ananditengera ku kanyumba kodyera ka anthu a ku Japan, kobisika kuseri kwa mpanda, ka matebulo owerengeka. Mkati munali zii, mukungonunkhira mpunga. Wophika, bambo wa imvi, ankagwira ntchito yake ife tikuona. Anatiweramira, n'kutenga mpeni wautali, n'kuyamba kudula nsomba yaiwisi tizidutswa topyapyala. 

Kadulidwe kotere ndinakaonapo ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Nthawi imeneyo sukulu ndinali ndisanayambe, ndinkaweta mbuzi za amalume kufupi ndi Mtakataka. Kumudzi kwathu kunabwera bambo wachinyamata wa ku Japan wodzakonza mijigo. Dzina lawo linkatikanika kutchula, tsono tinkangoti a Chiwerama, chifukwa ankaweramira aliyense, ngakhale ife ana a mamina. Chichewa chawo chinali chothyokathyoka, koma moni sankaphonya. Ine ndinkawanyamulira zitsulo, iwo n'kumanditcha bwenzi.

Tsiku lina anandituma kwa asodzi kukagula chambo chongovuulidwa kumene, chikadaphiriphitha. Nditabwera nacho ndinadikira kuti akoleze moto, koma sanakoleze. Anachidula mosamala, n'kuyala tizidutswato m'mbale ngati maluwa, n'kudonthezapo msuzi wakuda wa m'kabotolo kamene anabwera nako kuchokera kwawo ndipo ankakaumira. Kenako anandipatsira ndi manja awiri.

"Idya, bwenzi. Kwathu, chakudya cha tsiku labwino."

Ndinaika kamodzi mkamwa. Kanali kozizira, koterera. Atangotembenuka ndinalavulira m'manja n'kuthawa.

Kubusa ndinauza anzanga kuti a Chiwerama amadya nyama yaiwisi. Sindinanene kuti nsomba, chifukwa ndinkadziwa kuti nkhani ya nsomba sikanawadzidzimutsa mokwanira. Anzanga anandizungulira kukamwa yasa, ine n'kumakondwa. Koma kwathu wodya nyama yaiwisi ndi fisi, ndiponso mfiti yofukula manda. Dzinja lomwelo mwana wa a Nabanda, oyandikana nafe nyumba, anadwala malungo n'kumwalira. Maliro asanaiwalike, nkhani yanga ija inali itafika pakhomo lililonse, itamera nyanga ndi mchira.

Bambo anga anandiitanira pansi pa mtengo wa mango, pamene panakhala amuna angapo, pamodzi ndi achimwene anga a Lufeyo. Ndikukumbukira kafungo ka mango owola ndi ntchentche zimene zinkatera pa zilonda za m'miyendo yanga. Bambo sanakalipe. Anafunsa mofatsa.

"Iwe ndiye unaiona. Inali nyama yanji?"

Chibadwire akuluakulu anali asanadikirepo mawu ochokera pakamwa panga. Ndinaopanso chikwapu cha wabodza. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti sindikudziwa, chonsecho chambocho ndinachinyamula ndine, mamba ake anandimata m'manja tsiku lonse.

Zotsatira zake sizinachedwe. Amayi analeka kugulitsa mazira ndi mpunga kwa a Chiwerama. Mjigo umene anakonza anthu anausiya, n'kubwerera kumadzi a kumtsinje. A Lufeyo ndi anzawo ankagenda denga la nyumba ya mlendoyo. A Chiwerama ankaperekabe moni m'njira, akuweramira anthu amene ankawapatsa nkhongo, ndipo anaonda tikuwaona. Tsiku limene galimoto inadzawatenga, inandipeza m'mbali mwa msewu ndi mbuzi zanga. Inaima. Anatsika, n'kundiweramira ine, mwana wa nsanza, n'kunena kuti, "Pita kusukulu, bwenzi." Sindidziwa ngati ankadziwa kumene mphekesera ija inachokera. Chaka chotsatira ndinayambadi sukulu, ndikukhala pakati pa tiana tondilekeza m'chiuno. Mjigo uja unachita dzimbiri mpaka unazingidwa ndi thengo.

Zonsezi zinandibwerera m'kanyumba kaja ka ku Lilongwe. Tadala ataona nkhope yanga anati ndisadzikakamize, andiitanitsira nkhuku. Ndinakana. Wophika uja anabweretsa mbale ya nsomba ija, pambali pali kanthu kobiriwira kokometsera, n'kuipereka ndi manja awiri. Timitengo todyera tinandikanika, ndiye ndinatola ndi zala. Ndinatafuna pang'onopang'ono, n'kumeza. Inali yofewa, yosanunkha n'komwe, chakudya chabwinobwino cha munthu. Misozi inatsika. Tadala anaseka, nati agogo alawa kobiriwira kaja kowawa m'mphuno, n'kundisendezera tiyi. Ndinamusiya aganize choncho.

Ndakalamba ndikudziuza kuti ndinali mwana, kuti miyala sindinaponye ndine. Koma tsopano ndikudziwa kuti bodza silikhala pa zimene wanena zokha. Limakhalanso pa liwu limene walibisa pansi pa lilime pamene munthu akuthera pomwepo. Langa linali liwu limodzi, nsomba. Munthu anandipatsa chabwino koposa cha kwawo, chimene iye mwini ankachisowa, ine n'kumusandutsa mfiti. Ngati ali moyo sindidziwa, ndipo dzina lake lenileni sindinaliphunzire.

Kutacha ndinauza Tadala kuti ndikupita. Ndinakwera minibasi, n'kutsika pa Mtakataka, koma kunyumba kwanga sindinafike. Ndinalunjika kwa a Lufeyo, amene atsala okha mwa onse amene anakhala pansi pa mtengo uja. Maso awo anafa kalekale. Ndinawapeza pamphasa akusenda mtedza.

"Achimwene, ija inali nsomba. Chambo. Ndinakagula ndine kwa asodzi."

Zala zawo zinaima. Anatembenuzira nkhope kumene kunkachokera mawu anga.

"Nsomba iti, iwe?"

Ndinakhala pansi pambali pawo, n'kutapa mtedza m'lichero, n'kuyamba kuwafotokozera kuchokera pachiyambi.