Chifuwa chinandipeza ndili pa eda

Ndinayamba kukhosomola mu Juni, patangopita masabata ochepa chiwaikireni m'manda amuna anga. Kunkazizira, ndiye aliyense ankati ndi chisanu. Kenako ndinayamba kutuluka thukuta ndikagona, mpaka chofunda kunyowa. Chakudya ndinkangochiyang'ana. Amayi anga ankati ndi chisoni, chidzatha chokha. Koma ine chisonicho sindinkachimva. Ndinkangokhala pamkeka, kuyamwitsa mwana, maso ali kukhoma.

Malemu anali mlonda pa ofesi ina ya boma ku Balaka. Ine ndi ana tinkakhala kumudzi kwathu kufupi ndi Nselema, iwo ankabwera pakutha pa mwezi. Anamwalira ndi chifuwa chachikulu chimene chinapezeka mochedwa. Anandisiyira ana awiri, Shakira wa zaka zinayi ndi Yusufu woyamwa. Namwino anali atanena kuti tonse a m'nyumba tikayezetse, koma mawuwo anatayika m'kati mwa maliro.

Kwathu kwa Asilamu, mwamuna akamwalira mkazi amakhala pa eda, miyezi inayi ndi masiku khumi, osayendayenda, osadzikongoletsa. Amayi ankaisunga kwambiri. Kumjigo sindinkapita, kumsika ayi. Tsiku lina nditatchula za chipatala anati, "Iyayi mwanawe, utuluke bwanji eda isanathe? Anthu ati chiyani? Pirira, yatsala pang'ono." Anandigulira panado ndi mankhwala a chifuwa a m'botolo pagolosale. Palibe anaganiza zokafunsa a shehe. Ngakhale ine sindinaganizeko.

Chimene chinanditulutsa m'nyumba ndi nkhani ya penshoni. Amjomba anga a Saidi, alongo awo a amayi, ndiwo ankayendera ndalama zimene boma limapereka kwa mkazi ndi ana wantchito wake akamwalira. Anapita ku Balaka ndi kalata ya imfa, kalata ya kwa amfumu ndi chiphaso changa, koma anawabweza. Anawauza kuti mkazi wa malemu afike yekha ndi ana, amuone ndi maso, asayine. Amjomba anakapempha chilolezo kwa a shehe. A shehe anabwera, anaima pakhonde, n'kundimva ndikukhosomola mkati.

"Zayamba liti zimenezi?" a shehe anawafunsa amayi. Atamva kuti ndi mu Juni, anati, "Eda siletsa wodwala kupita kuchipatala. Anakuuzani ndani? Mukufuna tinyamulenso maliro pa jeneza pakhomo pomwe pano?"

Unali mwezi wa Seputembala. Ndalama yoyendera inali ya ulendo umodzi, ndiye amjomba anati tiyambe kuofesi, chipatala pobwerera. Mu minibasi ndikakhosomola anthu ankatembenukira kuwindo. Kuofesi tinakhala pabenchi mpaka masana. Nditakhosomolera pa chitenje ndinaona magazi. Ndinangopinda chitenjecho. Mayi wina wogwira ntchito pamenepo anali ataona. Anatulutsa fayilo panja, ndinasayinira pansi pa mtengo.

"Mayi, fayilo sithawa," anatero. "Koma inu mukafa, amalume awa adzakhalanso pabenchi yomweyi ndi makalata a imfa awiri. Pitani kuchipatala lero, osati mawa."

Ndinayang'ana Shakira akusewera ndi zitsekero za mabotolo pafumbi. Ndinamva mawuwo, ndinawamvetsa, koma mumtima munali zii.

Kuchipatala anandikweza pasikelo, namwino anayang'ana kawiri. Anandipatsa kabotolo kolavuliramo makhololo. Zotsatira zitatuluka, adokotala anati ndi TB, ndipo poti ndinali nditafooka kwambiri anandigoneka. Anandiyezanso magazi, kachilombo sanakapeze. Ana onse anawayeza. Analibe matendawa, koma anawapatsa mankhwala owateteza. Anandiuza kuti ndipitirize kuyamwitsa, nditaphimba pakamwa ndi pamphuno.

Masiku a m'wodi ankafanana. M'mawa mapiritsi, phala pambuyo pake. Mawindo otsegula ngakhale kukhale mphepo. Mkodzo unasanduka wofiira, namwino anati ndi mankhwala, ndisaope. Sindinkaopa. Mayi wa bedi loyandikana nane anamwalira, anasintha zofunda, anabwera wina. Amayi anga ankagona pansi pambali panga, akuphikira kunja. Sitinakambepo za zimene zinachitika kunyumba. Eda inathera m'wodi momwemo. Tinazikumbukira patapita masiku, amayi akuchapa mbale.

Nditatuluka ndinapitiriza kumwa mankhwala mpaka kukwana miyezi isanu ndi umodzi, kukatenga ku chipatala chaching'ono cha kwathu. Akazi awo a amjomba ndiwo ankandionerera ndikumeza, n'kuchonga pakhadi. Mapazi ankachita dzanzi, mawondo ankaphwanya. Mwezi wachitatu ndinayamba kumva njala. Tsiku lina Yusufu anaima yekha atagwira mtondo, n'kugwa chagada, ndipo ndinaseka. Kenako ndinalira, koyamba chichokereni kumanda.

Ku Balaka ndinabwererako kangapo ndisanachire. Ulendo wina anati pakusowa kalata yotsimikiza kuti anawo ndi a malemu. Ulendo wina anati fayilo ili ku Lilongwe. Ndinaphunzira kupita ndi mapepala onse m'jumbo, okopedwa kale, ndi madzi akumwa. Mu Malichi anandiyezanso makhololo, n'kunena kuti ndachira. Ndalama zinatuluka chaka chitadutsa. Gawo la ana amalisunga kuofesi, ndipo akafuna za sukulu kapena akadwala, ndimapita kukasayinira ineyo.

Lero ndimalima, ndimatunga madzi, ndimagulitsa mandasi pamsewu. Ndikakwera mtunda mpweya umandichepera, adokotala akuti m'mapapo munatsala zipsera chifukwa ndinachedwa. Shakira wayamba sukulu.

Azimayi anzanga, makamaka inu amene muli pa eda, ndi inu amene mukuwasunga: chifuwa chikatenga masabata awiri, thukuta la pogona, thupi kutha, musayembekeze kuti masiku akwane. Ngati mukukayika, tumani munthu kwa a shehe tsiku lomwelo. Amuna anu akamwalira ndi chifuwa, kayezetseni nonse pamodzi ndi ana. Mapepala a malemu yambani kuwayendera msanga, koma kuchipatala kukhale koyamba. Ndalama zikhoza kutuluka inu kulibe. Anawo akufuna mayi wowaperekeza.