Heliteji ya Che Saidi

Ndiyambe ndi kupepesa. Kupatula zimangirizo za pa mayeso, sindinalembepo nkhani chibadwire, ndipo iyi ndaiyamba kangapo n'kuifafaniza. Ngati pena ndakokomeza, mundikhululukire. Mwini nkhani ndinamupempha chilolezo, ndipo anangoti, "Lembani. Ku Nselema ngakhale mbuzi zikuidziwa kale."

Che Saidi Lemani kwawo ndi ku Ntaja, koma anakwatira chikamwini cha ku Nselema, kumene anapatsidwa malo omangapo kuseri kwa mitengo ya mango ya apongozi awo. Kuno ku Doha anabwera kudzatsuka magalimoto, kenaka anakhala dalaivala wa kampani ina yaing'ono yotenga alendo kukaona malo. Amagona ku Al Mansoura, pabedi lapamwamba m'chipinda chogawana, ndipo pamsomali wakumutu amapachikapo magalasi akuda ndi chipewa cha mlomo waukulu chimene mzungu wina anaiwala m'basi.

Ulendo umene amaukonda ndi wakumpoto, kumene kuli linga lakale la Zubarah ndi midzi ya asodzi imene eni ake anaisiya kalekale ntchito zitasamukira m'tauni. Makoma a miyala akadali chiimire, madenga kulibe. Kwathu malo otere timawatcha bwinja, ndipo munthu sapitako ndi kamba, amangodutsa mwachangu. Koma m'basi ya Che Saidi mawu amenewo anali oletsedwa.

"Si bwinja," amatero, atakweza chala. "Ndi heliteji."

Tsono kumudzi nakonso anali ndi makoma. Nyumba yawo inafika pa lintala kalekale n'kuima pomwepo. Vuto linali lakuti nyengo yozizira, imene alendo amadzaza basi kuno, ndi yomweyo imene mvula imagwa kwathu, choncho tchuthi chawo chinkangosunthidwa chaka ndi chaka. Mkazi wawo Umi ndi mwana wawo Zainabu ankagonabe kwa apongozi. Chaka chino Che Shaibu, amalume ake a Umi, amene ndiwo mwini mbumba, anatumiza mawu osazungulira: mvula ikagwa nyumbayo ilibe denga, mkamwini adzangobwera kudzatenga bulangete lake, Umi adzamasulidwa. Che Saidi anayankha kuti "Insha Allah," koma analiyankhula monga amaliyankhulira mabwana a kuno akapemphedwa kukweza malipiro.

Lachisanu lina kumayambiriro kwa Novembala anabwereka basi ya kampani kuti atenge Amalawi anzawo. Anatola a ku tchalitchi ku Abu Hamour, kenaka Asilamu atatuluka ku mapemphero a Juma, n'kukweza miphika ya mpunga wa biriyani ndi mafulasiki a tiyi. Pampando wakutsogolo panakhala Mayi Mwanaidi, msuweni wake wa Umi, amene amagwira ntchito yam'nyumba ndipo pakamwa pawo sipadziwa tchuthi.

Panjira anaima pa khola la ngamila kuti ofuna kukwera akwere. Mayi Mwanaidi anakana.

"Chinyama chogwada ngati chikupepesa, koma maso ali pa duku langa? Kwerani inuyo, alamu."

Ku linga anthu anajambulitsa pafupi ndi mzinga wakale, aliyense akuuza mnzake kuti dzuwa lamudetsa nkhope. Dzuwa litapendeka anafika kumudzi wa asodzi uja. Kunali zii. Mphepo inkalowa pa khomo lina n'kutulukira pa lina, ndipo patsidya nyanja inali itaphwa n'kusiya matope.

Mayi Mwanaidi anatsika, anamanga chitenje, n'kuyang'ana uku ndi uku.

"Alamu, mudzi uja uli kuti?"

"Ndi umenewu."

"Ine ndinakwera ndege kuthawa mudzi wamoyo, ndiye off yanga imodzi mwaiwonongera pa bwinja?"

"Heliteji, alamu."

"Biriyani tidyera pano? Eni ake tawapempha?"

"Yala, yala, bwerani kuno nonse," anatero Che Saidi, akuwomba m'manja.

Apa ndiyenera kufotokoza mosamala, chifukwa ndi pamene panagona cholakwa. Che Saidi anali ndi mawu amene ankauza alendo pamalopa, oloweza pamtima, koma nthawi zonse ankawanena m'Chingerezi. M'Chingerezi ankamveka bwino, azungu ankagwedeza mitu. Tsiku limenelo, poona nkhope za kwawo, anaganiza zowalemekeza ndi Chichewa. Anavala chipewa chija, anaima kutsogolo kwa nyumba imodzi, dzanja lili pa khoma.

"Abale anga, taonani kukongola kwake. Nyumba iyi yakhala yopanda denga zaka zambirimbiri, koma ulemu wake sunachoke. Mwini wake anapita kutauni kukafuna ntchito, sanabwererenso, ndipo palibe amene akumudandaula. Denga ndi chiyani? Denga limangobisa luso la mmisiri. Munthu wosaphunzira akaona apa amati pakufunika malata. Munthu wozindikira amati musakhudze, zisiyeni momwemo."

Anthu anawomba m'manja. Che Saidi anamva kukoma mumtima, makamaka ataona kuti Mayi Mwanaidi, amene sanayamikirepo kanthu chiyambire ulendo, anali atakweza foni kuwajambula.

"Mwalankhula bwino, alamu," anatero mayiwo. "Bwerezani paja pa malata, mphepo inasokoneza."

Anabwereza, mokweza.

Mayi Mwanaidi amalumbira mpaka lero kuti kanemayo anamutumiza ku gulu la abale la pa WhatsApp pofuna kungoonetsa kuti mlamu wawo ndi munthu wotchuka. Sindinganene kuti akunama, pakuti mtima wa munthu sindiudziwa. Ndingoti sanalembepo mawu alionse ofotokoza.

Pobwerera, foni ya Che Saidi inali yolumikizidwa ku masipika a basi, ikuimba nyimbo zachisilamu za kaswida. Atalowa mumsewu waukulu inalira, ndipo mnyamata wina amene ankawathandiza kusankha nyimbo anati, "Ndi kanema wochokera kwa mayi a kunyumba."

"Tsegulani," anatero Che Saidi monyadira. "Andisowa."

Mawu a Umi anadzaza basi yonse. Anali odekha, aulemu, ngati a pa wailesi.

"Alendo athu, takulandirani ku heliteji ya bambo a Zainabu. Taonani kukongola kwake. Apa ndi pabalaza; papaya mukumuonayu anamera yekha, chaka chino wabereka. Uku ndi kuchipinda kwathu, kumene pakali pano kukugona mbuzi za amalume. Mwini wake anapita kutauni kukafuna ntchito. Chonde musakhudze."

M'basi munthu wina anatsokomola. Kenaka panamveka mawu aamuna, okalamba, osafulumira.

"Che Saidi, ndine Shaibu. Tamva kuti ife ofuna malata ndife osaphunzira. Zikomo potiphunzitsa. Kuno mitambo yayamba kusonkhana cha ku phiri la Chikala. Bulangete lanu talichapa."

Kaswida inayambiranso yokha pamene inalekezera. Palibe anaseka, kupatula mapewa a anthu amene ankagwedezeka kumbuyo. Che Saidi anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri. Sanali kuganiza za Che Shaibu kapena za anthu a m'basimo. Chimene chinawalasa chinali chakuti Umi sanakalipe. Zaka zonsezi ankakalipa pafoni, ndipo iwo ankadziwa kuti munthu wokalipa akadali kudikira. Uyu anali ataleka.

"Alamu," anatero osatembenuka, "mwandipha."

"Ine ndangonyamula mawu anu, sindinawonjezere mchere."

Atayenda pang'ono, Che Saidi anavula chipewa n'kuchiika pansi pa mpando.

"Ndi bwinja," anatero chapansipansi.

"Liti?" anafunsa Mayi Mwanaidi. "La kumpoto kapena la ku Nselema?"

"Onse."

M'mawa mwake anakapempha tchuthi. Bwana anawakumbutsa kuti sizoni yangoyamba kumene, ndipo anati akapita, ulendo wakumpoto aupereka kwa wina. Iwo akadzabwera adzayambiranso kutsuka magalimoto. Che Saidi anati, "Khalasi, zatha basi, perekani." Anakwera ndege sabata yomweyo. Mvula yoyamba inawapeza ali pamwamba ndi mmisiri, mbali imodzi itakhomedwa, ina ikadali mitengo yokhayokha. Che Shaibu anaima pansi ndi ambulera, anayang'ana kwa nthawi, n'kugamula kuti theka la denga ndi denga ndithu, malinga mkamwini asatsike mpaka atamaliza. Umi anatulutsa mbuzi, koma anakana kuti papaya adulidwe mpaka zipatso zipse, ndiye pabalaza panatsala bowo kwa kanthawi.

Che Saidi anabwerera ku Doha ndipo akutsuka magalimoto ku Al Asmakh. Banja lilipo. Ku Nselema ana akawaona pa foni amawatcha Che Heliteji, ndipo iwo amayankha.

Ine ndinali m'basimo, pampando wakumbuyo, ndipo mapewa ena ogwedezeka aja anali anga. Inenso ndikumanga ku Balaka. Mchemwali wanga amanditumizira zithunzi mwezi uliwonse, koma polemba nkhaniyi ndazindikira kuti zonse amajambula ataima malo amodzi, kumaso, pamene pali chitseko chopaka utoto. Ndaganiza kuti ndisiye kuyankha kuti "zokongola". Lachisanu likubwerali sindipita kukaona malo alionse. Ndimuimbira pa kanema, ndimuuze kuti azungulire kuseri, ndipo akweze foni m'mwamba.