Mmene Ndinatalikitsira Moyo wa Chimutu

Mboni zanga ndi zitatu, ndipo ndizitchuliretu nkhani isanayambe. Yoyamba ndi a Gerevazio, oyendetsa lole, amene ananditenga pa Kamwendo. Anamwalira, koma anamwalira asananditsutsepo. Yachiwiri ndi a Sitoliko a ku Dambe, amene anali nane ku Zambia. Phokoso la mumgodi linawagonthetsa, choncho mukawafunsa amangogwedeza mutu, ndipo kumeneko ndiko kuvomera. Yachitatu ndine ndemwe.

Ndinaganiza zochoka chaka chimene matalala anaboola fodya wanga yense, masamba n'kukhala ngati sefa. Ndinali mkamwini, ndipo alamu anga a Bonifasi ankandiyang'ana ngati matalalawo ndinachita kuwaitana. Mwana wathu Felista anali atangoyamba kuyenda. Mayi ake, Nabanda, anati ndipite, koma ndikabwere mwana asanaiwale nkhope yanga. Ndinalumbira kuti ndikangokhala dzinja limodzi. Dzinja limenelo linatalika mpaka mwanayo anapeza mwamuna.

Ku Kitwe mumgodi anandikana, ati chifuwa n'chaching'ono. Ntchito ndinaipeza m'holo ya kanema ya m'komboni, poyamba kusesa, kenako kukwera m'kachipinda ka makina. Filimu inkabwera yokulungidwa m'zitini zazikulu, ndipo inkaduka ngati ulusi wakale. Ikaduka ndinkachotsa ndi lezala pamene pawonongeka, n'kumata ndi guluu, tizidutswa totsala n'kuponya m'katoni. Popeza Chingelezi cha m'kanema anthu sankachimva, bwana wa holoyo anandipatsanso chimkuzamawu kuti ndizimasulira m'Chinyanja. Chingelezi changa chinali chongokwanira kupempha madzi akumwa, koma palibe anadandaula.

Panali filimu imodzi imene eni ake anaiwala kudzaitenga, ndiye tinkaionetsa yatsopano ikalephera kufika. Inali ya munthu wochokera ku nyenyezi ina, wa mutu ngati dzungu, amene anthu anamutcha Chimutu. Iyeyu ndiye anali woipa wa nkhaniyo, koma ankaoneka katatu kokha: atsika m'chombo chake n'kuyang'ana kumwamba, atentha mlatho, basi Jeki amuombera. Kumeneko ngwazi iliyonse ya m'kanema inali Jeki. Nthawi yonse yotsala inali ya azungu a makhoti oyera akulozerana mapepala. Palibe ngakhale mmodzi anafunsa Chimutu ngati wadya.

Ine ndinkamuonera pa kabowo ka pakhoma. Pansi anthu akuseka, kukankhana, kugawana ndudu, ine pamwamba ndekha ndikuwerenga misana yawo. Kunyumba nako ndinkadya ndekha, moti supuni yanga inaphunzira kuyankha moni. Izi ndi zoona. Ndalama ndinkatumiza kudzera mwa a Gerevazio, koma mauthenga obwerera ankafupika chaka ndi chaka. Poyamba Nabanda ankanena za mbuzi ndi za mano a mwana. Kenako anangoti tili bwino. Kenako uthenga unachokera kwa a Bonifasi, woti ankhoswe akhala pansi, banja latha, Nabanda wakwatiwa ndi kalipentala wa ku Ludzi. A Gerevazio anandiuza izi ali m'lole, injini osazimitsa.

Sabata yomweyo ndinatenga lezala. M'filimu ya Chimutu ija ndinasuntha asilikali a Jeki kuti aziyamba ndiwo kuombera, mlatho uzipsa pambuyo. Pamene Chimutu ayang'ana kumwamba ndinamatapo kachidutswa ka m'katoni muja, ka mayi ataima pakhomo ndi mwana. Ndinaikamonso msewu wopanda munthu, ndi mbale imodzi pa tebulo lalitali. Azungu a makhoti aja ndinawadula mpaka anasanduka alendo odutsa. Pa chimkuzamawu ndinafotokoza kuti munthuyu anabwera kudzagwira ntchito ya dzinja limodzi, chombo chake chinawonongeka, ndipo kwawo amati anawathawa.

Loweruka masana holo inadzaza, koma munali zii. Jeki atakweza mfuti, bambo wina wa ku Tete anaimirira nati, "Musiyeni ameneyo, ali ndi ana!" Mfuti italira, nsapato zinaulukira pa chinsalu. Ndinatola madengu awiri, zonse za kumanzere, pakuti munthu wa mumgodi ngakhale akwiye bwanji amasungako imodzi. Bwana anafuna kundichotsa ntchito, koma ataona mzere wa ogula matikiti Loweruka lotsatira, anangoti ndisamuuze chimene ndachita. Kuyambira pamenepo chaka chilichonse ndinkamuonjezera Chimutu kanthu: zenera, galu, sitima yonyamuka. Pomaliza anthu ankalowa atameta n'kutuluka ndi ndevu.

Mumtima ndinkadziwa kuti kwathu Chimutu ndine, mtchona amene ana amaopsezedwa naye. Choncho mbali yanga ya nkhaniyo ndinaikonzeratu, yomatidwa bwino, yoti aliyense akaimva agwetse misozi. Uthenga utafika woti Felista akukwatiwa ku Ludzi, ndinamanga chikwama. Chimene ndinkafuna chinali chimodzi chokha, kuti mwanayo anditche bambo anthu akumva.

Pa malire anandimeta, ati tsitsi lafika pa kolala, n'kundigulitsa khadi la chipani ndisanafunse ndi mtengo womwe. Ndinalowa m'dziko langa mutu uli mbee.

Kumudzi anandilandira bwino, ndipo ichi ndicho chinandipweteka. A Bonifasi, imvi zili mbuu, anangoti, "Alamu, mwafika? Khalani apo, pali mthunzi." Nabanda anagwada, anandipatsa moni wa alendo, n'kubwerera ku thobwa lake. Kalipentala uja anandibweretsera mpando wokhoma yekha. Ndinaugwedeza kufuna kuupeza chifukwa, koma sunagwedere. Ndinadikira tsiku lonse kuti wina andinyoze, ndiyambe kufotokoza. Anthu anali otanganidwa ndi nkhuni.

Felista ndinamupeza kuseri kwa nyumba akusita. Ndinamuuza kuti ndikudziwa zoipa zimene wakhala akumva za ine, ndipo chilichonse ndili nalo yankho lake. Anaika nsimbi pa mwala n'kundiyang'ana mwaulemu, monga muja timayang'anira munthu wosokera njira.

"Zoipa sankanena ayi," anatero. "Sankanena kanthu. Ndikafunsa ankati muli ku ulendo, ndiye ndinaleka kufunsa."

Kukambirana konseko ananditcha "inu". Nkhani yanga yomatidwa bwino ija inasowa ntchito. Chimutu anali ndi mwayi, ankaoneka katatu. Ine kwathu sindinali woipa wa nkhani. M'nkhanimo munalibemo ine.

Tsiku la ukwati anamulowetsa m'tchalitchi ndi a Bonifasi, kalipentala atakhala kutsogolo pafupi ndi Nabanda. Ine anandipatsa malo abwino pafupi ndi khomo, ati kukubwera kamphepo. Pojambula chithunzi panja, wojambula anati tifinyane, ndipo ndinaima kumapeto kwenikweni.

Zitatha ndinapita kwa mlongo wanga ku Dambe. Chikwama sindinamasule. Tsiku lililonse ndinkati mawa ndikadikira lole pa Kamwendo, mawa n'kukhala mkucha. Ndili choncho, Felista anatulukira pa njinga ya mwamuna wake, atatenga chithunzi chija kuti azakhali ake achione. Onse analimo athunthu, ngakhale mbuzi ya eni ake imene inkangodutsa. Cha kumapeto kunali phewa la jekete ndi khutu limodzi.

Ndinati wojambulayo ndi mnzanga pa ntchito, amadziwa kudula. Felista sanaseke. Anayang'ana chithunzi, anayang'ana mbali ya mutu wanga wometedwawo, kenako anagwira khutu lake. Mayi wina woyandikana nafe, amene anabwera kudzapempha mchere, anasuzumira n'kufunsa kuti kodi khutu lopanda mwiniwakeli n'la ndani.

"N'la bambo anga," anatero Felista, maso akadali pa chithunzi. "Simukuona kuti langali n'lomweli?"

Mayi uja anavomera n'kutenga mchere wake. Ine ndinalowa m'nyumba, ati kukafuna fodya, ndipo ndinachedwamo ndithu.

Ku Kitwe sindinabwererenso. Chithunzicho chili pa khoma la Felista mpaka lero, ndipo wokayika apite akaone yekha. Ndikulumbira kuti chaka chilichonse ndimaonekamo mochulukirapo. Chaka chatha linatulukira tsaya.